Mpira Wogunda Khoma

Achimwene, lero posanja makatoni ndapeza tikiti ya mpira ija m'Baibulo lanu. Ndaiyang'ana nthawi yaitali, kenako ndapita kukatsuka mbale. Misozi sinabwere. Mukukumbukira Lamulungu lija, m'ma 90, titangotuluka m'tchalitchi ku Greenbelt, kutsidya kwa nyanja kuno? Munasinthana shifiti ndi mnzanu kunyumba yosamalira okalamba kuti mukandionetse timu yatsopano yosewera mpira m'nyumba, pa kapeti, bwalo lonse lozunguliridwa ndi khoma. Inu amene munakulira pa mpira wa pafumbi ku Ndirande, mpira ukangogunda khoma mumadzambatuka, dzanja m'mwamba: "Watuluka! Refu, watuluka!" Osewera osaima n'komwe. Bambo wina amene anakhala pambali pathu anakufotokozerani kuti kuno mpira sutuluka, umagunda khoma n'kubwerera. Munapukusa mutu n'kundiuza kuti, "Mlongo wanga, uwu si mpira, n'chipwirikiti." Pasanathe mphindi ziwiri, dzanja m'mwambanso. Ndinaseka mpaka kutsamwa.

Timu ija sinakhalitse, inangosewera zaka zochepa n'kutha. Munadandaula kuposa eni ake, inu nomwe munkainyoza, ndipo munalonjeza kuti ikadzayambanso tidzapita. Sinayambenso, ndipo chaka chotsatira tinaperekeza bokosi la maliro anu ku eyapoti kuti mukaikidwe kwathu. M'mawa mwake ndinapita kuntchito, ndipo mpaka pano ndikungopita. Anthu akafunsa ndimayankha kuti ndili bwino. Zonse zikungopitirira ngati masewera aja, achimwene. Ine ndaima pomwe munandisiya paja, dzanja m'mwamba, koma palibe woimba wezulo.