Malo Ako Andipatsa Ine, Msuweni

Lero pa TV ya ku hotelo amaonetsa mpira wa ku America, ndipo quarterback, woponya mpira uja, anali wamfupi ngati ine. Timu yake yawina. Ndinatulutsa foni kuti ndikuimbire, Dalitso, ndikuseke, kenako ndinakumbukira kuti tinakutumiza kale kumudzi m'bokosi. Ukukumbukira Lachisanu lija pa bwalo la ku Al Markhiya, kunja kuno, bwana wako wa ku America atatiitana kuti timu yawo ikwane? Ine ndinali nditaphunzira kale kuponya, mpira wanga unkapita mowongoka. Wako unkayenda ngati bakha wothyoka phiko. Koma bwanayo anatiimika pamodzi, n'kuona kuti mutu wanga ukulekezera paphewa pako. Akuti kwawo, ku koleji ngakhale m'matimu akuluakulu, amakonda wamtali woona pamwamba pa mitu ya anzake. "Khalas, basi, aziponya ndi Dalitso." Iwe unatsamiritsa chigongono pamutu panga, n'kunena kuti, "Msuweni, uzidya nyemba, udzakula." Kunena zoona mtima ukundiwawabe.

Malo ako andipatsa ine tsopano. Sindiona pamwamba pa aliyense, ndimangosuzumira m'mipata ya mapewa, koma mpira umafika. Sabata yatha ndinaponya wautali, wokongola, umene iwe sunauponyepo moyo wako wonse. Bwana uja anabwera kudzandigwira dzanja, misozi ili m'maso, n'kunena kuti ndaponya ngati Dalitso. Ndinangoti zikomo. Ngakhale wagona pansi, msuweni, ukundiposabe msinkhu.