Mtengo wa Sajeni

Ndikamaganizira agogo anga aamuna, asekuru monga timawatchulira kuno ku Mzimba, imayamba kukumbuka ndi mphuno: fungo la tonde losakanikirana ndi fungo la utuchi wa paini. Fungo la tonde linali lawolawo. Linakhazikika m'jekete lawo la khaki mwakuti ngakhale agogo aakazi, NyaShaba, alichape ndi sopo wamtundu wanji, Lamulungu anthu m'tchalitchi ankadziwa kuti aThole alowa asanacheuke n'komwe. Fungo la utuchi linkachokera kuseri kwa mpanda wathu wa nkhadze, kumene kunali makina ochekera matabwa. Malole ankatula mitengo yochokera ku Luwawa, ndipo kulira kwa macheka kunkayamba nthawi imene ine ndinkatsegula khola, mbuzi zikutsika pa makwerero a mitengo ziboda zili gogodo gogodo, asekuru ataimirira pambali ndi ndodo yawo akuzitchula mayina imodziimodzi ngati aphunzitsi m'kalasi.

Asekuru anali mkulu wa mpingo, komanso ankadziwika kuti satsitsa mtengo. Munthu akabwera kudzagula mbuzi n'kuyamba kudandaula, iwo ankangoyang'ana kumwamba n'kunena kuti, "Mbuzi siwola ngati tomato. Ngati ndalama zachepa, mbwenu yewo, muyende bwino." Ogula ankachoka akung'ung'udza, koma mawa lake ankabweranso.

M'khola monsemo munali tonde mmodzi yekha, wakuda bii, wa ndevu zazitali, dzina lake Sajeni chifukwa ankaguba patsogolo pa anzake mutu uli m'mwamba. Mbuzi zathu zonse zinali zocheka khutu, monga amachitira aliyense kwathu kuti zisasokonekere ndi za eni. Sajeni yekha ndiye anali ndi makutu athunthu. Tsiku locheka makutu, akadali kamwana, anathawira m'milu ya matabwa, ndipo asekuru atatopa kumusaka anati, "Musiyeni, ameneyu ndi kale lomwe aliyense akumudziwa."

Kuseri kwa makinawo kunali kanyumba ka zipinda ziwiri, ndipo mmenemo munkakhala aBishinu, amene ankakonza macheka akawonongeka. Kwawo kunali ku Nepal. Anthu ankangoti mwenye, n'kumaganiza kuti ali ndi ndalama ngati eni masitolo. Ife amene tinkatunga nawo madzi pa mjigo umodzi tinkadziwa kuti anali ndi malaya awiri okha, ankadya mpunga ndi mphodza tsiku lililonse, ndipo malipiro awo ambiri ankatumiza kwawo. Chichewa anachiphunzirira ku Lilongwe, chodukaduka. Chitumbuka ankangodziwa monire ndi yewo. M'thumba la malaya ankasunga chithunzi cha mwana wawo wamkazi, Maya, wamsinkhu wanga, ndipo nthawi zina ankandionetsa n'kunena kuti, "Mnzako uyu. Iye masamu safuna, ngati iwe."

Chaka chimene ndinali mu Sitandade faifi, m'mwezi wa Okutobala, kukutentha ndiponso utsi wa moto wolusa uli tolo m'mapiri, aBishinu anabwera pakhomo pathu atagwirizanitsa manja pachifuwa. Asekuru anali pansi pa mtengo wa mango akuluka chingwe.

"Dada Thole, ine vuto lalikulu."

Anafotokoza pang'onopang'ono, akusakasaka mawu. Chaka chapitacho Maya anadwala matenda a m'mimba mpaka anthu kwawo anataya mtima. Bambo ake, ali kutali kuno, analonjeza kwa mulungu wamkazi wa chipembedzo chawo cha Chihindu kuti mwanayo akachira adzapereka mbuzi yakuda pa chikondwerero chawo chachikulu cha pachaka. Maya anachira. Tsopano tsiku lopereka nsembe linali mkuja, koma mbuzi analibe. Anapita kumsika wa pa boma, ndipo ogulitsa atangoona khungu lawo anatchula mtengo wa mbuzi zitatu pa mbuzi imodzi. Anazungulira msika wonse, mtengo ukukwerabe pamene akufika.

"Lonjezo ndikapanda kupereka, ine kugona ayi," anatero. "Mwana akatsokomola pang'ono, ine ndiganiza ndi chifukwa changa." Kenaka anayang'ana kumene kunkadya mbuzi zathu. "Uyo wakuda, dada. Mungagulitse?"

Asekuru anaseka mpaka kutsokomola. "Sajeni? Mukufuna mundisiyire khola la akazi amasiye? Ameneyo ndiye bambo wa mbuzi zonse za mudzi uno. Iyayi, aBishinu. Koma bweretsani ndalama zanuzo. Mawa kuli msika ku Manyamula, ndikakugulirani ndine. Tione amene angandibere ine."

"Yakuda, dada. Yamphongo. Yabwino. Ndiponso iyenera..."

"Mbwenu basi!" Asekuru anakweza dzanja. "Mbuzi yabwino ndiphunzitsidwe ndi munthu wa masipanala? Inu dziwani macheka."

Mawa lake ananyamuka pa njinga kusanatenthe, ndipo anabwera dzuwa litapendeka, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, mbuzi itamangidwa m'dengu pa kaliyala. Inali yakuda, yonenepa, ubweya uli ngati wapakidwa mafuta. Asanatsike n'komwe anali atayamba kale kusimba mmene anamufooketsera wogulitsa, mmene ananamizira kuchoka, mmene munthuyo anawathamangira mpaka pa sitolo yomaliza. Ndalama zonse za aBishinu zinathera pa mbuzi imeneyi, koma asekuru ankati mbuzi yotere ku boma akanalipira kawiri.

"Taigwirani msanawu," anawauza aBishinu amene anafika akupukuta manja pa buluku. "Mafuta okhaokha. Yothena bwinobwino ikadali yaing'ono, siyinunkha n'komwe. Ku Manyamula konse kunalibe ina yoposa iyi."

ABishinu anagwira khutu la mbuziyo, chala chawo n'kuima pamene panachekedwa. Anawerama n'kuyang'ana kunsi. Kenaka anakhala pansi, pa dothi penipeni, manja ali pa mawondo.

"Dada, iyi sangalandire. Iyenera kukhala yathunthu, mmene inabadwira. Yosadula paliponse."

"Mukuti chiyani? Mulungu wanuyo amadya makutu?"

NyaShaba anali pakhonde akusenda mtedza, ndipo sanadzutse n'komwe mutu. "Inu aThole, Baibulo mumanyamula Lamulungu lija silinena za nsembe yopanda chilema? Kapena tsamba limenelo mbewa zinadya? Munthuyu dzulo amafuna akuuzeni, inu munali kalikiliki kudzitama."

Kwa asekuru, ndi kwa wina aliyense kwathu, mbuzi yabwino yopha ndi yothena. Tonde amaphedwa ndi munthu amene wasowa pogwira. Anasankha ndi mtima wonse, koma anasankha monga akanasankhira phwando la kwathu. Msika unali utatha, wogulitsa anali atabwerera kumudzi kwawo kumene sitinkakudziwa, ndipo ndalama zina panalibe. ABishinu anadzuka, anati, "Yewo, dada, mwavutika chomene," n'kukoka mbuzi ija kupita nayo kwawo. Kuthokoza kumeneko kunawapweteka asekuru kuposa mmene kukanawapwetekera kutukwanidwa.

Madzulo amenewo, nditatsekera mbuzi, asekuru anaima pa khola nthawi yaitali atatsamira ndodo. Sajeni ankawanunkhiza thumba la jekete kufuna mchere. NyaShaba, amene ankawadziwa kuposa mmene ankadzidziwira okha, anawaitana ali pakhomo la khitchini.

"Ndikuona zimene zikuyenda m'mutumo. Akulu anzanu a mpingo akamva kuti mbuzi yanu yaphedwera milungu ina, mudzawayankha chiyani?"

"Ndidzati ndinasinthana mbuzi ndi mnansi wanga. Kusinthana mbuzi kuli pa lamulo lachingati?"

M'mawa anamumanga okha Sajeni chingwe, n'kumukoka kudutsa pa mpata wa mpanda, ine ndikutsatira. ABishinu ataona anagwira pakamwa. Anayamba kunena kuti mwezi ukatha awonjezera ndalama, koma asekuru anawadula. "Bweretsani yothena ija. Ndinalakwitsa kugula ndine, mafuta ake ndidyenso ndine. Koma zanuzo musandiitanire, ine ndine munthu wa mpingo." Anatenga mbuzi ya ku Manyamula n'kubwerera kuseri kwa mpanda. Ine sanandiitane, choncho ndinatsala.

Kuseri kwa kanyumba kaja aBishinu anali atasesa bwino, n'kuikapo kachithunzi ka mulungu wawo, nyali ya mafuta, ndi timbewu ta chimanga tachikasu timene anameretsa mumdima. Tindodo tonunkhira tinkafuka utsi woonda wotsekemera umene sindinaumvepo kale. Panali anyamata awiri a pa makina amene anabwera kudzathandiza. Anamusambitsa Sajeni miyendo, anamupaka ufa wofiira pamphumi, n'kumuveka nkhata ya maluwa m'khosi. Kenaka aBishinu anatiuza kuti amuwaza madzi, ndipo mbuziyo iyenera kudzigwedeza yokha thupi lonse. Ikatero ndiye kuti yavomera, nsembe yalandiridwa. Ikapanda kutero, siyingaphedwe.

Anawaza madzi akunena mawu a chilankhulo chawo. Sajeni anangoima. Anawazanso. Sajeni anapinda khosi n'kuyamba kudya maluwa a nkhata yake. Anyamata aja anaphulika kuseka, koma ataona nkhope ya aBishinu anasiya. Thukuta linkayenderera m'masaya mwawo. Dzuwa linakwera, mithunzi inafupika, madzi anauma pa msana wa Sajeni, iye akungobzikula ngati ali kudambo.

"Abwana, tingomugwira nyangazi timugwedeze," anatero mnyamata mmodzi. "Adziwa ndani?"

"Musamukakamize!"

Mawuwo anachokera m'nkhadze. Asekuru, amene anati sabwera, anali ataima kuseri kwa mpanda nthawi yonseyi, chipewa chokha chikuoneka.

"Ana inu simudziwa kanthu. Adada anga, asanalowe mpingo, akamapereka ng'ombe kwa makolo ankaima pa khola kudikira kuti ikodze. Ikakodza ndiye kuti makolo alandira. Tsiku lina tinaima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, osadya. Nyama nayo imafunsidwa." Anakankha nthambi n'kusuzumira. Mawu awo anatsika, ngati mmene ankalankhulira akamapatsa mbuzi mchere. "Iwe Sajeni, ndapota nawe. Mwana wa munthuyu anachira. Usandichititse manyazi kachiwiri."

Sajeni anatembenukira kumene kunkachokera mawuwo. ABishinu anawaza madzi otsala m'kapu. Ndipo tonde uja anadzigwedeza kuyambira kumutu mpaka kumchira, makutu ake athunthu aja akuomba phaphapha, madontho akutigwera tonse. ABishinu anagwada n'kulira mokweza ngati mwana.

"NyaThole, tiye," asekuru anandiitana. Anandigwira dzanja mwamphamvu n'kupita nane kudimba, akuyenda mofulumira kuposa masiku onse. Njira yonse ankalankhula za tomato, kuti wayamba kugwidwa ndi tizilombo. Tili m'munsi tinamva kugunda kumodzi kokha kwa chikwanje kuchokera kwa aBishinu. Asekuru anawerama n'kuyamba kuzula udzu pamene panalibe udzu.

Nyama imene aBishinu anatibweretsera asekuru sanailawe. NyaShaba anaigawira anyamata a pa makina. Koma Loweruka lake aBishinu anabweranso atavala malaya oyera, atanyamula mbale ya mpunga wosakaniza ndi chambiko ndi ufa wofiira uja. Anati pa tsiku limeneli kwawo munthu aliyense amapita kwa wamkulu wa banja lake kuti amuike mpungawo pamphumi ndi kumudalitsa. Bambo awo anamwalira, ndipo kuno analibe wamkulu wina.

Asekuru anayang'ana mbaleyo, anayang'ana NyaShaba. NyaShaba anayang'ana nkhuku.

"Mawu a kwanu ine sindiwadziwa," anatero pomaliza. "Ndinena a kwathu, kwa Mulungu amene ndimamudziwa ine."

"Zokwanira, dada."

ABishinu anagwada. Asekuru anaviika chala chachikulu m'mbale, anamata mpunga pamphumi pawo, n'kupemphera m'Chitumbuka kuti Chiuta asunge munthuyu, asunge Maya, ndipo amubwezere kwawo ali wamoyo. Ufa wofiirawo unakana kuchoka pa chala. Lamulungu asekuru anawerenga zolengeza dzanja limodzi lili m'thumba, koma nkhani inali itafika kale. Akulu anzawo anawaitana, ndipo kwa miyezi ingapo zolengeza ankawerenga wina, iwo atakhala pa benchi ya anthu wamba, akuimba mokweza kuposa kale. Chaka chimenecho tonde tinachita kukabwereka kwa achibale ku Edingeni, ndipo ana ake anabadwa ofiirira ndi ang'onoang'ono. Asekuru ankati akawayang'ana n'kupukusa mutu, "Awa ndi anthu wamba, msilikali palibe."

Kuyambira pamenepo aBishinu sankadutsa pakhomo pathu osaima. Ankakonza njinga ya asekuru isanawonongeke, ankawanolera nkhwangwa, ndipo asekuru atayamba kudwala miyendo ndi iwo ankawakweza pa lole ya matabwa kupita nawo kuchipatala. Makina atatsekedwa aBishinu anabwerera kwawo, ndipo asekuru anamwalira ndili Folomu thuu.

Tsopano ndikukonzekera mayeso a Folomu folo, ndipo Mulungu akalola ndikufuna kudzakhala mlangizi wa ziweto. Munthu akandituma kanthu, ndimamusiya amalize kulankhula ndisananyamuke. Ndipo ndimasungabe yankho limene anandipatsa asekuru tsiku lina tikuthira manyowa kudimba, nditawafunsa mwachibwana ngati sanaluze pa malonda a Sajeni, iwo amene sankaluza kwa munthu. Anaima kaye, akuwerengera chamumtima ngati ali pamsika.

"Ndinaluza tonde, mzukuru," anatero. "Koma mwana wamwamuna wamkulukulu, wodziwa kale ntchito, wosafuna fizi, ukamupeza msika wa kuti pa mtengo wa mbuzi imodzi?"