Tsiku Limene Ndinanyowetsa Mawu a Agogo

Senderani kuno, ana inu. Mtedzawo musausiye, manja azisenda koma makutu akhale kwa ine. Iwe Esinati, foni yakoyo izilemba ndithu, koma nawenso uzimva, chifukwa nkhaniyi ikukhudza zomwezo.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, matipate akadali nkhani yokambirana pachitsime, pamene amalume a Lufeyo anabwerera kumudzi kwathu, kufupi ndi Nsaru. Iwowa anali mlongo wawo wa amayi, ndiye kuti mwinimbumba wathu. Ankagwira ntchito yotumikira mu ofesi ina ku Lilongwe. Ntchito itatha, anzawo anabwera kwawo ndi malata, ena njinga. Iwo anatsika minibasi ndi bokosi lachitsulo lotuwa, chigalasi chonga cha kanema, ndi thumba lodzaza mawaya. Akuti ku ofesiko zinali zoti zitayidwe. Anatiuza kuti dzina lake ndi kompyuta. Amayi anafunsa ngati imalima, koma amalume sanaseke.

Anali munthu woti akaona chinthu chotseka, manja amawayabwa. Wailesi ya aphunzitsi, tochi, wotchi ya akulu a mpingo, zonse zinadutsa m'manja mwawo. Zina zinkachira, zina zinkabwerera kwa eni ake zili m'jumbo. Kompyutayo ankaidyetsa moto wa batire la galimoto, limene ankapita nalo pa njinga kukatchajitsa pa Nsaru. Pakati pa batire ndi bokosilo panali kabokosi kena kopanga okha, kolira ngati njuchi zili m'mphako. Motowo sunkakhalitsa, nyemba zisanapse unali utatha. Koma kanthawi komweko amalume ankaiwala kudya. Amati m'kati mwa bokosilo muli chinthu chotchedwa sisitimu, chimene chimaiuza kadzukidwe ndi kagonedwe. Ankachichotsa n'kuikamo china kuchokera m'timbale tonyezimira, mawa lake n'kuchichotsanso. Amayi ankadandaula kuti mwana akagona bwino sumudzutsa kuti uone ngati ali moyo. Iwo ankangoti, achemwali, izi simungazimve.

Zonsezi anaziika m'kanyumba kathu kosankhiramo fodya, chifukwa ndi kokhako kamene kanali ndi pulasitiki pansi pa udzu ndi chitseko cha loko.

Tsopano mumve za dimba. Banja lathu linali ndi dimba kudambo, ndipo kumunsi kwake kunali chitsime chosauma ngakhale mu Okutobala. Mpiru, tomato, chimanga chachiwisi cha miyezi ya njala, zonse zinkachokera pamenepo. Oyandikana nawo anali a Kachiza, anthu amene tinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Chaka ndi chaka mpanda wawo unkasendera, mzere umodzi, mizere iwiri, mpaka anayamba kunena poyera kuti chitsimecho ndi cha makolo awo.

Amene ankadziwa zoona anali agogo aNaphiri, amayi awo a amayi. Ankati kalekale mabanja awiriwa atagwirizana malire, anakwirira mphero yosweka pamalire penipeni, akuluakulu akuona. Koma malo ake sankawatchula pagulu, kuopa kuti wina angakaifukule n'kuisuntha.

Chaka chimenecho miyendo ya agogo inatupa, chifuwa n'kuwagwira. Tsiku lina anati tonse tisonkhane pakhonde, anene. Amalume anasangalala ngati mwana. Anatulutsa wailesi ya kaseti nati mawuwo awajambula, kenako awalowetsa m'kompyuta, momwe sadzatha mpaka kalekale. Inali nthawi yopalira, ndiye anauza amayi kuti asataye tsiku, apite kumunda, adzamva mawuwo akalowa m'kompyuta. Amayi anapita. Ine ndinatsala kuti ndigwire kawaya kolankhulirapo pafupi ndi pakamwa pa agogo.

Ndimakumbukira fungo la mafuta opaka pachifuwa, ndi mmene mpweya wawo unkalirira. Anayamba ndi mayina a anthu akufa, uyu anabala uyu, uyu anakwatiwa uko. Anafika pa dimba, natchula chulu. Pomwepo anzanga anandiitana kuseri kwa nkhokwe, anali atayamba fulaye. Ndinatsamiritsa kawayako pamtondo n'kunyamuka.

Agogo anandigwira chitenje. "Eneresi, khala pansi umve."

Amalume, maso ali pa kasingano ka wailesi, anati andisiye, mwana amaiwala koma makina saiwala.

"Makinawo adzatunga madzi pachitsimepo?" anafunsa agogo.

 Anandisiya chitenje, ine n'kuthamanga. Ndinasewera mpaka dzuwa kupendeka.

Agogo anamwalira chimanga chikumasula. Mawu awo anali atalowa kale m'bokosi, ndipo kaseti ija amalume anajambuliramo nyimbo za kwaya, poti amati ntchito yake yatha. Patapita sabata ziwiri chiikireni maliro, anafuna kutionetsa luso lawo. Anatiitana m'kanyumba muja, kabokosi ka njuchi kanayamba kulira, chigalasi chinayera, kenako tinamva kutsokomola. Kunali kutsokomola kwa agogo kwenikweni, kuja kokoka. Amayi anagwira khoma. Mawu atangoyamba kutchula mayina, anatuluka akulira, nati asadzamvenso munthu wogona kumanda akutsokomola m'nyumba ya fodya. Anthu a m'mudzi atamva, ena analeka kudutsa njira ya kuseri kwathu. Amayi a mvano ena anabwera kudzafunsa mwaulemu ngati zimenezi n'zoyenera pakhomo la Akhristu. Kuyambira pamenepo bokosi linkadzuka pa zina zonse, koma agogo sanalankhulenso. Amalume anati adzalankhula tsiku limodzi lokha, pabwalo, pamaso pa a Kachiza, ndipo anthu adzanyamuka pomwepo ndi makasu kukafukula mphero.

Mlandu wa malire a dimba unaikidwa Loweruka lina mu Juni. Inali nthawi yosankha fodya, mphepo ya mwera ikuomba, masamba ouma kuti gwaa, ukangowagwira n'kufumbutuka. Fodya wotere sasankhika. Ndiye madzulo aliwonse ntchito yanga inali kuunjika masamba pansi, kuwafunditsa ziguduli, n'kuwaza madzi pamwamba ndi tsache loviika mu ndowa, kuti pofika m'mawa akhale atafewa, timange ndindi, timitolo tating'ono ta fodya.

Lachinayi la sabata imeneyo amalume anatsegula mimba ya bokosi. Akuti ankafuna kuikamo kachitsulo kena kuti mawu adzamveke mokweza pabwalo. Amayi anawapempha kuti angolisiya mmene lilili, atsala masiku awiri okha. Iwo anati ndi ntchito yaing'ono. Dzuwa litapendeka anazindikira kuti batire lafooka, choncho anatsitsa bokosi lotsegulalo patebulo, poti tebulolo tinkasankhirapo fodya, naliika pansi pakona. Analifunditsa chiguduli kuopa fumbi, n'kukwera njinga kupita pa Nsaru.

Ine sindinaone zimenezo. Ndinalowa ndi ndowa yanga monga mwa masiku onse. Munali milu isanu yofunditsidwa, ndipo ndinawaza yonse. Wa pakona uja ndinauona kuti ndi wouma kwambiri, madzi akungolowa, ndiye ndinabwereza kawiri, kenako ndinakhuthulirapo otsala m'ndowa. Pomwepo ndinamva madzi akudontha pachitsulo, ndo, ndo, ndo. Fodya salira choncho.

Ndinakweza chiguduli. M'kati munali timisewu tobiriwira, timawaya tofiira, ndi madzi ali mbee m'makona monse.

Ana inu, mtima unandichoka. Ndinapukuta kunja kwake ndi chitenje, ndinachotsa chiguduli chonyowacho n'kufunditsa chouma, n'kutseka chitseko. Popita kunyumba ndinkadziuza kuti pofika m'mawa aphwa. Amalume anagona pa Nsaru kudikira batire. Lachisanu lonse ndinasankha fodya m'kanyumba momwemo, msana nditalozetsa pakona. Amayi anandifunsa kawiri chimene chandidwalitsa, poti ndinkaika masamba ofiira pamulu wa oyera. Ndinati mutu. Mawu anafika pakhosi kangapo, koma ndikaganiza za nkhope ya amalume, ndi dimba, ndi agogo ali m'madzi mmenemo, ndinkawameza. Kunja mwera unkangoomba, chitseko chikulira, ndipo nthawi iliyonse chikalira ndinkayesa kuti ndi chifuwa chija.

Amalume anafika dzuwa likulowa, atatopa. Anasuzumira m'bokosi mu kamdima ka m'kanyumbamo, namangirira kachitsulo kawo, n'kutseka mimbayo. Anati sayesa, moto wonse ausungira mawa. Ine ndinali pakhomo, ndikuwaona akumanga tizitsulo tomaliza. Anatembenuka nandimwetulira, nati mawa agogo ako akawina mlandu. Ndinangoyang'ana pansi.

Loweruka m'mawa tinakweza zonse pangolo ya ng'ombe. Pabwalo panadzaza, ngakhale a m'midzi ina anabwera kudzaona wakufa akuchitira umboni. A Kachiza anakhala mbali yawo, manja atapinda. Mwana wawo wamkulu ananong'oneza mokweza kuti mboni ya a Lufeyo ikufuna kumwetsedwa kaye tiyi. Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa mantha. Amalume anavala tayi. Analumikiza mawaya awo mosafulumira, kabokosi ka njuchi kanayamba kulira, ndipo anadina.

Kunamveka kuti thu, ngati chimanga chaphulika m'chiwaya. Kautsi koyera kanatuluka kumbuyo kwa bokosi, ndi fungo la jumbo yopsa. Azimayi ena anathawa ndi ana kumsana. Chigalasi chinangokhala bii.

Amalume anadinanso, nadinanso. Anatsegula mimbayo pomwepo, anthu akuona, nalowetsa chala pansi pake. Chalacho chinatuluka chonyowa. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

Akuluakulu oweruza anali anthu oleza mtima. Anati makina alekeni, ngati pali wina wa banjali amene anamva mawu a malemu ndi makutu ake, anene, tipite tikakumbe. Amayi anati anali kumunda. Amalume anati anamva za chulu, koma maso ndi mtima zinali pa kasingano. Tsono m'dimba muja munali zulu zitatu. Kenako onse anatembenukira kwa ine, poti zinkadziwika kuti ndine ndinagwira kawaya.

Ndinaimirira. Ndinatchula mayina anayi a makolo, ndinatchula chulu. Anandifunsa kuti chulu chiti, ndipo kuchokera pamenepo n'kulowera kuti. Ndinati sindikudziwa, ndinapita kukasewera fulaye.

Anatilola kukumba masiku atatu. Tinakumba mozungulira zulu zonse mpaka manja anatuluka matuza, osapeza kanthu. Malire anadulidwa potsata mpanda wa a Kachiza, ndipo chitsime chinagwera kwawo.

Ndinaulula patapita sabata. Amalume anali pakhonde, akuchotsa tizitsulo m'bokosi lakufalo n'kumatiika m'chitini. Anali atapita nako kale ku Lilongwe kachitsulo ka m'bokosimo kamene kankasunga mawu a agogo, ndipo odziwa anawauza kuti kapsa. Ndinagwada patali n'kunena zonse. Ndinkadikira ndodo, koma sanadzuke n'komwe.

"Madziwo si mlandu, mphwanga," anatero. "Chiguduli ndinafunditsa ndine. Ukanandiuza Lachisanu nditangofika, ndikanaliyanika padzuwa ngati mphale, mlandu tikanapempha kuti ausunthe. Likanadzuka."

Kenako anati, "Nanenso ndinalakwa, agogo ako anakuuza kuti ukhale pansi. Ndinakuthamangitsa ndine."

Ndodo ikanandipweteka pang'ono kuposa mawu amenewo.

Amalume sanasiye kutsegula zinthu. Anadzakhala wokonza mafoni pa Nsaru, pansi pa ambulera, ndipo aliyense wobwera ndi foni yogwera m'madzi ankamuuza kuti asayatse, ayanike kaye. Anamwalira zaka zingapo zapitazo, chitini cha tizitsulo chija chili pansi pa bedi. Amayi anakalamba akutunga madzi othirira kutali, kumtunda, ndipo dimba lotsalalo linkauma mwezi wa Seputembala usanathe. Chaka cha njala chitafika, mng'ono wanga anatumizidwa kukakhala kwa achibale ku Kabudula chifukwa pakhomo panalibe chokwanira tonse, ndipo anakulira komweko. A Kachiza aakulu anamwalira tikupempherabe nawo limodzi. Ine sukulu sindinapite nayo patali, dzina langa ndimasaina ndi chala, koma kuyambira chaka chimenecho munthu wamkulu akatsegula pakamwa ndimakhala pansi mpaka atseke. Ndikalakwitsanso kanthu ndimanena dzuwa lisanalowe, zinthu zikadali zoti n'kuyanika.

Mphero ija inapezeka. Mdzukulu wa a Kachiza anaigunda ndi khasu akukumba ngalande, ine ndili kale ndi ana awiri. Inali kuseri kwa chulu chaching'ono, kutsidya kwa chitsime, mapazi ochepa kuchokera pomwe tinalekezera kukumba. Panthawiyo mlandu unali utazizira, oweruza aja atapita, ndipo panalibenso wonena kuti mwalawo unali chizindikiro cha chiyani. Anaugubuduzira pambali pa chitsime. Mpaka lero akazi a kumeneko amachapirapo zovala, ndipo ndikamapita kumsika ndimawamva akumenyetsa.

Esinati, walemba zonse? Chabwino. Tsopano ika foniyo pansi, undiuze ndi pakamwa pako kuti mpheroyo inali kuseri kwa chulu chiti.