Dzanja Lodyera la Ababa

Ababa anali telala pa Lungwena, ndipo zovala zanga zoyamba zothamangira anasoka ndi iwowo. Uthenga woti andisankha kuyunivesite kukaphunzira za masewera olimbitsa thupi utangofika, pakhomo pathu panabuka mlandu. Azakhali anga, alongo awo a ababa, anatulukira m'mawa osaitanidwa n'kukhala pakhonde pomwe panali makina osokera.

"Ana a anzathu akukaphunzira unamwino, uyu akukaphunzira kudumpha," anatero azakhali. "Achimwene, kudumpha kumafuna digiri? Mbuzi zathu zimadumpha mpanda tsiku ndi tsiku, zinalowa kalasi iti? Ndiye mwana wamkazi, wachisilamu, azikathamanga miyendo ili pamtunda?"

Ababa anachotsa tepi m'khosi n'kupatsa amama kuti andiyeze, poti mwana wamkazi akakula bambo wake samuyeza yekha. Azakhali pobweranso anapeza thalauza yotaya yofika m'akakolo, malaya ofika m'mawondo, ndi mpango wokhala ndi kabatani pansi pa chibwano kuti usavuke ndikamathamanga. Ababa anaziyala patebulo n'kunena kuti, "Miyendo ija tabisa. Pali china?"

Kuyunivesite ndinapeza kuti kudumphako kunali kochepa. Tinkaloweza mayina a mafupa ndi minofu, mmene mtima umagwirira ntchito munthu akamathamanga, kamangidwe ka bondo lobinya, kaphunzitsidwe ka ana pabwalo. Chaka chachitatu tinaphunzirako pang'ono za mafizo, masewera othandiza odwala kuti ziwalo zidzukenso. Ndikuti pang'ono, chifukwa eni ake a ntchitoyo amaphunzira zaka zambiri, koma ine nditangolawa ndinayamba kuyenda ngati chipatala chonse chili m'mutu mwanga. Ababa akaimba foni ankandiseka kuti, "Lero mwadumpha kudumpha kwa mtundu wanji, adokotala a mpira?" Koma amama ankandiuza kuti aliyense wobwera kudzasoketsa kanzu, mkanjo wa amuna achisilamu, sankachoka asanamve kuti mwana wa atelala amadziwa dzina la fupa lililonse m'thupi.

Chaka chomwecho, tchuthi chitayandikira, ababa anagwa ali pa makina. Kuchipatala cha paboma anati ndi sitiroko. Atawatulutsa anawauza kuti azibwera ku mafizo, koma munthu wofa mbali imodzi sakhazikika pa njinga ya kabaza, ndiye ulendowo unatha wokha. Nditafika ndinapeza mwendo ukukokeka koma akuyendako ndi ndodo, mawu akutuluka molemera koma akumveka. Limene linagoneratu linali dzanja lamanja. Linkangokhala pamwendo pawo, zala zitapindika pang'ono.

Dzanja limeneli ndinkalidziwa bwino. Ine ndinabadwa wamanzere, ndipo ndili mwana ndikangotambasula lamanzere m'mbale, lula yosokera inkatera pa zala zanga. Ababa sankamenya zopweteka, koma sankaphonya. "Lamanzere ndi la kuchimbudzi," ankatero. "Lamanja ndilo lodyera, loperekera moni, lolandirira. Nena Bisimillahi, m'dzina la Mulungu, uyambirenso." Mpaka lero mpira ndimaponya ndi lamanzere, koma chakudya ndimadya ndi lamanja. Ababa atadwala, shehe anabwera kudzawazonda n'kuwauza kuti wodwala ndi wololedwa kudyera dzanja limene likugwira. Shehe atangotuluka ababa anati, "Adyere iyeyo." Kuyambira pamenepo amama ndiwo ankawadyetsa.

Zimenezi ndi zimene zinandipsetsa mtima. Amama akuwaika chakudya m'kamwa, azakhali akuwakupiza ndi katoni, alendo akuwasunthira mpando, ndipo dzanjalo lili phee ngati si lawo. Pakhomo pathu kulemekeza wodwala wamkulu n'kusamulola kugwira kanthu, ndipo aliyense ankachita zimenezo ndi mtima wonse. Ine pakamwa panga sipachedwa.

"Amama, mukawachitira zonse dzanjali liiwala ntchito. Chiwalo chimene sichikugwiritsidwa ntchito chimafota."

"Ndiye tiwasiye afe ndi njala?" anafunsa amama.

Ndinali ndi yankho kale. M'kalasi anatiphunzitsa kuti nthawi zina dzanja labwino amalimanga kapena kuliveka chinthu, kuti wodwala akakamizike kugwiritsa ntchito lofookalo. Nditakumbukira zimenezi ndinadziona wochenjera kwambiri. Kwa ababa panalibe chifukwa chomangira dzanja lililonse. Lamanzere linali lomangidwa kale, ndi mwambo ndi chipembedzo, ndipo ndinkadziwa kuti sangalilowetse m'mbale ngakhale njala itawapotokola. Ndinalamula kuti chakudya cha masana azidya okha, ndipo amama asayandikire.

"Nkhanza izi!" anakuwa azakhali. "Kusukulu kwanuko amakuphunzitsani kulanga makolo? Munthu wakulera, lero umuike mbale patsogolo ngati galu?"

Ababa anakweza dzanja lamanzere kuti onse akhale chete. Analankhula pang'onopang'ono, lilime likulemera. "Msiyeni mwanangu. Anapita kusukulu. Akudziwa chimene akuchita."

M'mawa uliwonse tinkakhala pa tebulo la makina. Ndinawamangira kampira ka nsanza zotsala posoka kuti azifinya. Ndinkamwaza mabatani kuti azitola n'kuponya m'chitini. Ndinkaika dzanjalo pa nsalu kuti azikankha kupita kutsogolo n'kubweza. Iwo ankatuluka thukuta ngati akulima, ine ndili chiimire ndikuwerenga mokweza monga tinkachitira pabwalo. Zala zinayambadi kugwira pang'ono, batani limodzi limodzi linkagwera m'chitini. Koma kukweza mkono kufika pachifuwa kunkakanika. Unkafika pamimba n'kuyamba kunjenjemera, kenako n'kugwa.

Chakudya choyamba chinali mpunga ndi nyemba. Ndinakhala moyang'anizana nawo. Anati Bisimillahi, n'kukokera dzanjalo m'mbale. Anatapa kampunga, anaweramitsa mutu kuti aukumanize, koma mpunga wonse unathera pa kanzu. Anayesanso, msuzi unayenderera m'chigongono. Amama anali pakhomo atagwira pakamwa. Ababa anayang'ana kukhoma n'kunena kuti, "Tuluka. Sindingadye iwe ukundiyang'ana ngati woimbira mpira. Nonse tulukani, mutseke chitseko."

Tsiku limenelo mbale inatuluka monga inalowera. Lotsatira chimodzimodzi, anangoikanda m'mbali. Amama sankandilankhula, ndipo madzulo ankawadyetsa phala lambiri akundiyang'ana ndi diso limodzi. Ine ndinauma mtima. Ndinkadziuza kuti wophunzitsa masewera akamvera chisoni wothamanga, wothamangayo sapambana.

Kenako masana ena ndinalowa ndi beseni ndi jagi kuti ndiwasambitse m'manja, n'kupeza mbale ili mbee. Dzanja lamanja linali pamphepete pa mbaleyo, timpunga titamatirira ku zala, msuzi uli m'chikhatho. Ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika panja. Ndinaitana amama, ndinatumiza uthenga kwa azakhali kuti abwere adzaone okha. Azakhali anafika, anayang'ana mbale, anayang'ana zala, n'kungoti, "Alihamudulillahi," kuthokoza Mulungu mawu ali pansi. Ine sindinawasiye. Ndinawafunsa ngati mbuzi zawo zija zimathanso zimenezi. Ababa anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa.

Kuyambira pamenepo mbale inkatuluka yopanda kanthu masana aliwonse. Nkhani inafalikira pa Lungwena kuti mwana wa atelala wadzutsa dzanja lakufa. Mayi wina anandibweretsera apongozi ake odwala bondo. Pachitsime anthu anayamba kunditchula adokotala, osasekanso. Ndinajambula mbale ndi zala za ababa pa foni n'kutumizira anzanga a m'kalasi, iwo n'kundiombera m'manja. Ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Komatu m'mawa pa tebulo lija mkono unali ukufikabe pamimba n'kugwa. Ndinkaona ndi maso anga. Ndinkadziwa minofu imene imakweza dzanja kufika pakamwa, ndinalemba mayeso ake n'kukhoza bwino, ndipo ndinkaona kuti minofu imeneyo sinadzuke. Funso linkabwera ndithu: munthu amene sangakweze batani kufika pachifuwa akufikitsa bwanji mpunga pakamwa? Ndinkalithamangitsa. Ndinkati njala imapatsa mphamvu, ndinkati akakhala okha saopa. Kunena zoona, mbale yopanda kanthu inkandikomera, ndipo sindinkafuna china chondilanda kukomako.

Tchuthi chitatsala pang'ono kutha, masana ena nditatseka chitseko ndinakumbukira kuti sindinawaikire madzi akumwa. Sindinafune kuwasokoneza pogogoda, ndiye ndinazungulira kuseri kuti ndiike kapu pa windo, lomwe linali ndi katani yokha. Mphepo inali itakankha kataniyo.

Ababa anali pa mkeka, msana uli kuchitseko. Dzanja lamanja linali pamwendo pomwe linkakhala nthawi zonse. Ankadya ndi lamanzere. Ankadya mothamanga, mobisa, mutu uli pansi, ndipo mbamu iliyonse isanalowe m'kamwa milomo inkagwedera. Ndinamva mawu ake. Sanali Bisimillahi. Ankati Asitaghafirullahi, kupempha Mulungu chikhululuko, n'kumeza. Asitaghafirullahi, n'kumeza. Munthu amene anakana chilolezo cha shehe, amene anandiwongola zala ndi lula, anali kudya chakudya chimene kwa iwo chinali chodetsedwa, masana ndi masana.

Atamaliza anatola timpunga totsala m'mbale. Ananyamula dzanja lamanja ndi lamanzere monga munthu amanyamulira khanda, n'kuliika pamphepete pa mbale. Ndiye anayamba kumata timpungato ku zala, kamodzi kamodzi, mosamala ngati akulumikiza kolala. Anaviika chala mu msuzi n'kupaka m'chikhatho. Pomaliza anapukuta lamanzere kunsi kwa mkeka n'kulibisa m'kanzu.

Ndinakhala pansi kuseri komweko, kapu ili m'manja, madzi akutayikira pa thalauza yomwe anandisokera. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo. Ndinkaganiza kuti ndikuwakakamiza kuchira, pamene ndinali nditawapanikiza pakona: adye ndi dzanja limene amanyansidwa nalo, kapena azakhali ndi Lungwena yense anene kuti mwana wa atelala anapitadi kukaphunzira kudumpha. Iwo anasankha kudetsa pakamwa pawo. Ndipo ine, wodziwa fupa lililonse, ndinajambula zimenezo n'kutumizira anzanga.

Mpaka pano ndikamaphunzitsa ana pabwalo, wina akandionetsa zimene ndikufuna kuona mofulumira kwambiri, ndimayamba ndakayika. Dzanja la ababa linadzabwerako pang'ono patapita nthawi, titapeza njira yowapititsira kwa eni ake a mafizo. Linafika pogwira tasibihi, mikanda yopempherera, ndi kupereka moni. Pa makina sanakhalenso. Sindidziwa ngati likanachira kuposa pamenepo tikanapita msanga, m'malo motaya tchuthi chonse ine ndikusewera udokotala, ndipo palibe amene angandiuze.

Koma masana amenewo ndinayenera kulowabe. Ndinapukuta nkhope, ndinazungulira kumaso, ndinakoka masilipasi pansi kuti amve kuti ndikubwera. Ndinatenga beseni ndi jagi n'kugogoda.

"Lowani, adokotala a mpira," anatero. "Taonani, lero ndamalizanso."

Ndinagwada. Ndinatenga dzanja lamanja n'kuthira madzi, timpunga tija n'kumagwera m'beseni. Ndinalipukuta monga mwa masiku onse. Kenako ndinapisa pamene anabisa lamanzere, n'kulitulutsa. Anayesa kulibweza, koma ndinaligwira. M'zikhadabo munali msuzi wa nyemba. Ndinalisambitsa chala chimodzi chimodzi, osakweza maso, misozi ikugwera m'madzi momwemo.

"Mawa ndidya nanu, ababa," ndinatero. "Ine ndizigwira pachigongono, inu muzitapa. Ukatayika utayike."

Panja amama ankatsuka miphika, ndipo ndinamva mawu a azakhali akupereka moni pamsewu. Ababa anandifinya zala ndi dzanja lomwe ndinali nditangosambitsalo, n'kuweramira kwa ine.

"Mwanangu," ananong'ona, "usawauze azakhali ako. Angakuseke."