Lilime la Firiziti

Zonsezi ndinaziyambitsa ndine, ndipo ndinaziyambitsa ndi firiziti wa mphesa, uja wa m'kapepala kapulasitiki amene amasiya lilime likuoneka ngati biringanya.

Inali nyengo yozizira ya 2021, masukulu atatsekedwa chifukwa cha korona. Ndinali mu Fomu 3. Kwathu ku Zengeza, dera la anthu olankhula Chishona, timakhala awiri, ine ndi amayi anga, amene amagulitsa tomato ndi masamba pageti la nyumba yathu. M'mipopi munalibe madzi monga mwa nthawi zonse, ndiye ntchito yanga inali kukankha wilibala ya zigubu kupita kumjigo, kuno timati kuchibhorani, komwe mzere wake umatha kukudyera tsiku lonse.

Pagulu la pafoni la amayi a kutchalitchi panabwera uthenga woti madokotala ena akuyang'ana malilime a odwala korona. Amayi maso amawavuta, choncho mauthenga ndimawawerengera ndine. Ndinawerenga zimene zinalipo, kenako n'kuwonjezera zanga: lilime likakhala lofiira bwinobwino ndi chimfine chabe, likada ngati biringanya ndiye kuti matenda afika poopsa. M'mawa mwake ndinayamwa firiziti kuseri kwa nyumba n'kukatulutsa lilime pamaso pawo.

"Mayo ine! Yamikani mwana wanga, gona, wilibala usaikhudzenso!"

Masiku atatu ndinadya mazira ndili m'bulangete, firiziti ndikugula mozemba amayi akachoka. Ndipo ankachoka kupita kuti? Kuchibhorani, kukapanikizana pamzere m'malo mwanga. Chondivuta chinali chimodzi, kundifukiza ndi zumbani, tsamba lija aliyense ankawiritsa nthawi imeneyo, mpaka thukuta kamukamu. Tsiku lachinayi ndinasiya firiziti, lilime linabwerera mwakale, amayi n'kujambula mawu kuuza gulu lonse kuti aona okha ndi maso. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Ndisaname, ndikakumbukira ndimasekabe pang'ono.

Patapita sabata, Lachiwiri, amayi anayamba kutsokomola. Lachitatu thupi linatentha. Lachinayi anapsereza nyemba ali pomwepo, osamva fungo. Inenso mutu unayamba kuwawa, kukhosi kukukanda, lilime litayera ngati ndanyambita ufa. Ulendo uno sizinali zopeka. M'mawa uliwonse amayi ankatenga galasi, kutulutsa lilime, n'kunena kuti, "Langa silinafike pa la Yami. Chimfine ichi." Ine bodza langa sindinaliulule. Ndinkaopa kukalipiridwa kuposa mmene ndinkaopera matendawo, ndipo manyazi anga enieni ali pamenepa, osati pa firiziti.

Lamlungu m'mawa anachoka kuchipinda kupita kukhitchini, mapazi owerengeka chabe, n'kukhala pansi akupuma wefuwefu. Ndinati tipite kuchipatala. Anakana, nati ndiwapatse galasi.

Amayi akamandilankhula m'Chichewa ine ndimayankha m'Chishona, ndi mmene tinazolowerera. Tsikulo ndinagwada n'kuyamba m'Chichewa.

"Amayi, zija za lilime ndinapeka ndine. Anali firiziti."

"Usandinamize pofuna kuti ndipite kuchipatala, iwe. Ndinaona ndekha."

Ndinatenga chikwama changa cha kusukulu n'kukhuthulira pansi timapepala tonse timene ndinabisa. Anatiyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe, mpweya wokalipira analibe. Anangoti, "Kaitane bambo a Rudo, abwere ndi galimoto."

Bambo a Rudo, aneba athu, anatitenga mawindo onse ali otsegula. Kuchipatala tinadikira panja pamabenchi, titakhala motalikirana, mpaka dzuwa kupendeka. Namwino anatipisa kamtengo kathonje m'mphuno, ndipo tonse awiri tinapezeka ndi korona. Kenako anapana chala cha amayi ndi kachipangizo koyezera mpweya m'magazi, nkhope yake n'kusintha. "Makanonokerei, mhamha?" anafunsa m'Chishona, kutanthauza kuti, "Munachedweranji, amayi?". Amayi anangondiloza ndi chibwano. Ndinafotokoza ndekha, anthu apabenchi akumva. Namwinoyo anati lilime limasinthadi mwa odwala ena, ndipo adokotala amaliyang'ana, koma munthu akhoza kukhala ndi lilime labwinobwino mapapo akutha.

Ine anandibweza kunyumba ndi mapanado kuti ndikadzitsekere. Amayi anawagoneka n'kuwaika pa okosijeni. Kukawaona kunali koletsedwa. Chakudya ankakasiya pageti la chipatala ndi amayi a kutchalitchi, omwe aja ndinawapusitsa. Masana aliwonse ndinkadikira foni. Masiku awiri oyamba amayi sanathe kulankhula, ndinkangomva mpweya ukulira. Ndinkakhala ndekha m'nyumba, tomato akuolera m'kireti, ndikuwerenga masiku asanu aja amene ndinatseka pakamwa. Anatuluka patatha masiku asanu ndi anayi, ataonda, akuyenda pang'onopang'ono.

Lero ali bwino ndipo anabwerera pageti, ngakhale akanyamula katundu wolemera amapumira m'mwamba. Anayambiranso kumva fungo patapita miyezi. Ine ndinachira m'sabata imodzi. Inu mukamva thupi likutentha ndi kubanika, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Galasi lisiyeni likhale lopesera tsitsi.

Atapeza mphamvu, amayi anandijambulitsa mawu opepesa pagulu lija, kutchula dzina langa lonse ndi mtundu wa firiziti. Anandipatsanso chilango chokankha wilibala chaka chathunthu, kuphatikizapo zigubu za bambo a Rudo. Sindinadandaule. Kuchibhorani tsopano amandiitana kuti Dokotala, ndipo amayi ena achikulire akandiona amanditulutsira malilime. Onse ndimawayankha chimodzimodzi: "Kuchipatala, mhamha." Amaseka, n'kundilowetsa kutsogolo kwa mzere.