Chibwano cha Olipa

Ku Kawale, mayi akatsirizikira m'nyumba, anthu ankathamangira kwa Mayi Eness asanayambe n'kulira komwe. Iwo ndiwo ankatseka maso a malemu, kuwongola manja ndi miyendo, n'kumanga chibwano ndi kansalu kuti pakamwa pasaume chiyasamire, galimoto ya kumochale isanafike. Ntchitoyi anaiphunzira kwa azakhali awo ku Dedza. Masiku ena onse ankagulitsa makala pageti, ndipo Lachinayi ankavala bulauzi yoyera ya amayi a mpingo. Akayambitsa nyimbo, ngakhale ogona ankadzidzimuka.

Koma panali chinthu chimodzi chimene mpingo wonse unkachidziwa n'kumangochiyang'ana. Mayi Eness sankalankhulana ndi Olipa, mnzawo wa khomo loyandikana, amene ankatunga naye madzi pampopi umodzi.

Zinayamba mu 2003. Mwana wa Mayi Eness, Felesiya, anabwerako ku banja ku Biwi atatheratu, milomo ili psuu, anthu n'kumanong'onezana za matenda aja. Tsiku lina anadzikoka n'kukakhala pakhonde pa Olipa, napempha madzi. Olipa anam'patsa ndithu, koma mtsikanayo atangotembenuka, anakola kapuyo ndi kamtengo n'kukaiponya kudzala. Felesiya anaona zonse. Atafika kunyumba anangoti, "Amama, basi ine sindizitulukanso." Ndipo sanatulukenso mpaka tsiku limene anam'nyamula.

Mayi Eness sanatukwane. Akanatukwana mwina zikanathera pomwepo. Iwo anangouma. Olipa akapereka moni, iwo maso ali pa makala. Akulu a mpingo atabwera kudzawayanjanitsa, anawalandira ndi thobwa n'kuwauza kuti nkhaniyo inatha kalekale. Linali bodza lamkunkhuniza, ndipo akuluwo anamwa thobwalo akudziwa. Kutchalitchi, pemphero limene onse amanena pamodzi likafika pa mawu okhululukira anzathu, mayiwa chifuwa chinkawagwira pomwepo.

Patapita zaka, Olipa naye anagona pamphasa. Mwamuna wake, a Luckson, anabwera pageti chipewa chili m'manja.

"Mayi, anzanu aja akukufunani. Akuti ali nanu mawu."

Mayi Eness anayankha kuti ogula achuluka, adzabwera mawa. Kunena zoona, mtima wawo unali utayamba kale kufewa, ndipo chidanicho chinali chitawatopetsa. Ankangofuna kuti Olipa naye adikireko pang'ono, alaweko kuwawa kwake. Mawa lake anadzuka n'kuphika phala la mtedza loti atengere wodwalayo. Akulithira m'mbale, a Luckson anaimanso pakhomo. Ulendo uno sanabwerere mawu, anabwerera ntchito ija.

Mayi Eness analowa m'chipinda cha Olipa n'kupeza thupi likadali lofunda. Maso anali pakhomo, pakamwa pali potsegula ngati munthu amene wangokoka mpweya kuti ayambe kulankhula. Anafunsa a Luckson kuti mawuwo anali otani. Bamboyo anati mkazi wake anakana kuwatuma, ankati ndi nkhani ya anthu awiri.

Mayi Eness anapempha onse kuti atuluke. Anagwada, n'kuika khutu pafupi ndi pakamwapo.

"Olipa, ndabwera. Nena."

Panja amayi anali atayamba kulira, ndipo wina anagogoda kuti thupi liuma. Mayi Eness ananong'oneza m'khutu mwa malemuyo kuti akhululuka, kuti nawonso akhululukidwe. Kenako anang'amba kansalu kumpendero wa chitenje chawo, n'kutseka pakamwa pa Olipa ndi manja awoawo.

Kuyambira pamenepo anasintha. Amayi akakangana pampopi, iwo ankasiya makala n'kukawagwira manja kuti agwirizane dzuwa lisanalowe, mpaka ena ankati mayiwa ayamba kulowerera za eni. Abusa anawatsimikizira kuti Mulungu anamva zimene ananong'oneza zija. Iwo sankakayika za Mulungu. Chimene chinkawadya ndi Olipa. Kodi ankafuna kupepesa? Kapena ankafuna kuwafunsa kuti zaka zonsezi anamuumiranji mtima chonchi? Nthawi zina ali pageti masanasana ankamva ngati wina wakonza kukhosi kuseri kwa mpanda, koma akasuzumira ankangopeza zovala za a Luckson zili pachingwe.

Ntchito yawo sanaisiye. Kungoti amayi amene ankalowa nawo m'zipinda za maliro anayamba kudandaula kuti Mayi Eness akalamba, manja awo akuchedwa. Maso ankatseka msangamsanga monga kale, miyendo n'kuwongola. Koma akafika pachibwano ankaima, kansalu kali m'manja, mutu atapendeketsa, n'kumadikira kaye.