Mizere Yosathira Kanthu

Chaka chimene ndinali giredi 11, anzanga kusukulu ankanditcha adokotala a mbozi. Dzinalo linkandinyansa, koma sindikanalikana, chifukwa m'thumba la yunifomu yanga simunkasowa kabotolo ka mbozi zamoyo. Anandilowetsa m'zimenezi ndi aphunzitsi athu a sayansi, bambo wamtali wokhala ku Lusaka, amene ankabwera pa minibasi tsiku lililonse. Anati kuboma la Chongwe kudzakhala mpikisano wa kafukufuku wa ana asukulu, ndipo ine ndifufuze ngati phulusa, mchenga kapena madzi a sopo zimaphadi mbozi zimene zinkatha chimanga kwathu ku Bundabunda. Anthu ankathira zonsezi, aliyense n'kumalumbira kuti njira yake ndiyo yeniyeni, koma panalibe amene anaziyerekezapo bwinobwino.

Munda unali wa amayi. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, ndipo chakudya chathu chonse, ine ndi ang'ono anga awiri, chinkachokera m'mundamo. Nditawapempha malo, anandipatsa kachigawo ka kumunsi, kufupi ndi dambo, kumene chimanga chinkachita chikasu mvula ikachuluka. Kunena zoona anandipatsa kotaya. Ndinakagawa panayi: kwa phulusa, kwa mchenga, kwa sopo, ndi kwina kumene aphunzitsi ankakutcha kontrolo. Kumeneko sikuthiridwa kanthu, mbozi zidye mmene zifunira, kuti munthu aone kusiyana kwake ndi kothirako.

Amayi anamvetsera atatsamira khasu, kenaka anandifunsa, "Manje iyi mizere yachimwa chani?"

"Siinachimwe, amayi. Ni yoyerekezera chabe. Tikathira konse, sitizadziwa ngati phulusa yasebenza."

"Ndiye uli kulimira mbozi, mwana wanga," anatero akuseka. "Chabwino. Ni munda wako, sinizagwirako."

Chimanga chitafika m'mawondo, ntchito inandikulira. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkatsikira kudambo kukasuzumira mumtima mwa phesi lililonse, momwe mbozi zimabisala, ndi kuwerenga masamba obooka. Ndinkafika kusukulu mochedwa, masokosi atanyowa ndi mame, n'kupatsidwa chilango chotchetcha udzu. Masamu anayamba kundigwetsa. Kwaya ya kutchalitchi ndinaisiya, ndipo mnzanga wapamtima anapeza wina woyenda naye, poti ine pakamwa panga pankangotuluka za mbozi. Zinkandiwawa, komabe ndinali ndisanakondepo chinthu ngati mmene ndinkakondera ntchito imeneyo. Kwa nthawi yoyamba ndinali ndi funso langalanga, loti yankho lake silinali kumapeto kwa buku.

Kenaka mvula inadula. Poyamba tinkati ndi ng'amba ya masiku ochepa, koma mitambo inkangosonkhana masana n'kubalalikanso. Chimanga cha kumtunda, chimene amayi ankadalira, chinapota masamba, n'kuuma chisanamasule ngayaye. M'munda monsemo munatsala pobiriwira pamodzi pokha, pa kachigawo kanga ka kudambo. Mbozi nazo zinadziwa zimenezi. Kothira phulusa ndi sopo zinkachepa, koma ku mizere yosathira kanthu zinkadya ngati zaitanidwa ku ukwati.

Tsiku lina Loweruka ndinapeza amayi ataima m'mphepete mwa mizereyo, beseni la phulusa lili m'manja. Anali asanathire. Ankandidikira.

"Nithireko pang'ono chabe," anatero motsitsa mawu. "Ichi chimanga chingachire. Ba ticha sazadziwa."

"Ine nizadziwa," ndinayankha, ndipo misozi inangoyamba yokha.

Ndinali wokwiya kwambiri. Ndinakwiyira mvula, ndinakwiyira mbozi, ndinakwiyiranso amayi chifukwa chondipempha. Akanangothira ine ndili kusukulu, ndikanalira tsiku limodzi, nkhani n'kutha. Koma anandisenzetsa ine, mtsikana woti ngakhale mtengo wa ufa sankaudziwa bwino.

Lolemba ndinakawafotokozera aphunzitsi. Anandimvera chisoni, sindingawanamizire. Anati mundawo ndi wathu ndipo chosankha chili ndi ine, koma popanda kontrolo palibe kafukufuku, pangotsala nkhani za m'mudzi. Ankanena zoona. Kungoti iwo ufa wawo unkachokera m'shopu, ndipo pobwerera kunyumba tsiku limenelo ndinawada, ngakhale kuti sanandilakwire.

Ndinauza amayi kuti mizereyo ikhale choncho mpaka ndimalize. Anasunga mawu awo aja oti sadzagwirako, mpaka kundichititsa mantha. Mng'ono wanga atapita ndi phulusa mobisa, anamubweza ndi kamtengo. Mayi wina woyandikana nafe atawanena kuti akusekerera misala ya mwana, anamuyankha kuti mwanayo ndi wawo. Koma iwo eni analeka kudutsa njira ya kudambo. Popita kukatunga madzi ankazungulira kutali, kuti asaone.

Mizere ija inatha yonse. Masamba anasanduka nsanza, ndipo mapesi ambiri sanabereke n'komwe. Kothira phulusa ndi sopo tinakololako, koma sizinafike ngakhale theka la nkhokwe. Dzinja lisanayandikire n'komwe tinayamba kudya kamodzi patsiku. Ang'ono anga sankandinena, ankangondiyang'ana ndikamajambula matchati anga pamphasa. Ndinkadziuza kuti mizere yochepa ija sikanatipulumutsa, ndipo mwina ndi zoona, koma ikanatipititsako patsogolo masabata angapo.

Ku mpikisano ndinapita ndi mapesi enieni, obereka ndi odyedwa, nditawamanga ndi luzi. Ana a m'nyumba zatsopano za kufupi ndi boma anabwera ndi zinthu za mawaya ndi mabatire, zowala bwino. Oweruza anadutsa zonsezo n'kudzaima nthawi yaitali patebulo langa. Mmodzi wa iwo, mayi wovala magalasi, ananyamula phesi lodyedwa kwambiri, n'kulitembenuza mosangalala. Anati sanaonepo kontrolo yooneka bwino chonchi kwa mwana wasukulu, ndipo ana ambiri amalephera pomwepa, chifukwa makolo awo amalowererapo. Ndinapambana. Pondipatsa satifiketi anandiuza kuti kafukufuku wa nyengo imodzi sakwanira. Kuti ndikapikisane ndi a maboma ena, ndibwereze chaka chamawa pamalo okulirapo, kontrolo nayo ikule.

Mu minibasi yobwerera aphunzitsi ankalankhula za kuyunivesite, ine ndikungoyang'ana minda youma m'mbali mwa msewu. Ndinkafuna kubwereza, ndipo ndinkafunitsitsa. Chimenecho ndicho chinkandilemera kwambiri.

Ndinapeza amayi akusankha mbewu pa lichero, m'chimanga chochepa chija. Anapukuta manja pa chitenje asanagwire satifiketi, n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Anandifunsa ngati anthuwo anaona mapesi odyedwa aja, ndipo ndinati anawaona, anawayamikiranso. Kenaka ndinawauza kuti akufuna ndibwereze. Za kukula kwa malo sindinathe kuzitchula.

Amayi anabwezera maso pa lichero. Anatapa mbewu zodzaza manja awiri n'kuziika padera, pansalu.

"Izi ni za mbozi zako," anatero. "Zikwana, olo niwonjezeko?"